Seiko ya bambo anga inagona miyezi iwiri pa pinyolo ku Limbe

Sitoloyo ili kuseri kwa msewu waukulu wa ku Limbe, ukadutsa pomwe amagulitsa zipangizo za magalimoto. Ndi chipinda chimodzi chopapatiza, chokhala ndi zitsulo pakauntala ndi kawindo kopatsirana zinthu. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina zomwe ndinene pano si zoyamikira. Koma amene anapinyolitsapo katundu m'tauni muno adziwa mtundu wa malo omwe ndikunena: kumbuyo kuli mawailesi, masipika, ma TV, makina osokera awiri, jenereta, ndipo kutsogolo kuli kabokosi kagalasi momwe mwagona mafoni ndi mawotchi omwe eni ake analephera kuwombola.

Ine ndine kalipentala, ndimagwirira ntchito ku Bangwe. Ndinapitako mu Januwale 2024. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, matabwa, guluu ndi misomali zonse zitakwera, ndipo kasitomala amene ndinamupangira makabati a kukhitchini anali asanamalize kulipira. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 amayenera kubwerera kusukulu, fizi itaperewera K40,000. Banki m'khonde ya mayi a kunyumba inali itagawana kale ndalama mu Disembala. Wa katapira wa kwathu amafuna theka lina pamwamba mwezi ukatha, ndiponso amabwera kudzakhala pakhonde ukachedwa. Zida zanga sindikanapereka, chifukwa ndiye khasu langa. Chotsala chinali m'dirowa, chokulungidwa m'kansalu: wotchi ya malemu bambo anga.

Ndi Seiko 5 ya nkhope yakuda, lamba wake wachitsulo. Bambo anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Amene akudziwa mbiri akumbukira kuti Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi mu 1974, ndege ya Wenela, bungwe lomwe linadzasanduka TEBA, itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu athu ambiri omwe amabwerera kumudzi, ndipo njira inatsegukanso mu 1977. Bambo anali m'gulu lomwe linapita itatsegukanso. Anabwerako mu 1981 ndi njinga, bulangete lolemera, sutikesi yachitsulo ndi wotchi imeneyi. Njinga inatha, bulangete tinawafunditsa pa maliro. Wotchi ikuyendabe.

Pakauntala ndinapeza mayi wina wachikulire, magalasi ali pamphuno. Anandilandira bwino, osandiyang'ana ngati munthu wogwa mphwayi, ndipo chimenechi ndichiyamikira poyamba, chifukwa munthu wolowa pa pinyolo amakhala kale ndi manyazi. Anafunsa chiphaso cha unzika, nambala ya foni, ndi komwe ndinaitenga wotchiyo. Kenako anaitana mnyamata wa kumbuyo yemwe amaona za mawotchi.

Mnyamatayo ntchito amaidziwa. Anaitenga wotchi, yomwe inali itaima chifukwa ndinali ndisanaivale sabata yonse, n'kuigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku ngati akupeta. Kamuvi ka masekondi kanadzuka. Anaiyika kukhutu. Kenako anaitembenuza, kagalasi kali padiso, n'kuwerenga manambala a kumbuyo.

"Bambo, iyi ndi 7009. Nambala yake yayamba ndi 9 kenako 3. Ndiye kuti inapangidwa mwezi wa Malichi, chaka chothera ndi 9."

"1979," ndinatero. "Bambo anga anabwera nayo mu 1981."

Anagwedeza mutu. Ndinali nditakhala ndi wotchiyo zaka zambiri osadziwa kuti pa Seiko nambala yoyamba ya kumbuyo imatchula chaka, yachiwiri mwezi. Ndinaphunzira zimenezi nditaimirira pa pinyolo. Anandiuzanso kuti amayang'anitsitsa chonchi chifukwa ma Seiko 5 ambiri omwe amabwera ndi osakaniza: bokosi la wotchi ina, makina a ina, nkhope yopentedwanso mitundu yowala yomwe kampaniyo sinapangepo. Yanga anati ndi yeniyeni kuyambira nkhope mpaka lamba.

Mtima wanga unakwera, ndimvekere pamenepa ndiye atchula ndalama yooneka. Mayi aja anati K35,000.

Ndinawaonetsa mawu olembedwa pankhope, 17 jewels, n'kunena kuti muli miyala yamtengo wapatali. Bambo ankatero, ndipo anthu ambiri kumudzi amakhulupirira zomwezo. Mnyamata uja anandifotokozera mwaulemu kuti timiyalato ndi topanga kufakitale, tofiira, tating'ono kuposa njere ya therere, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kukhuzana pomwe timawilo timazungulira kuti chitsulo chisadyeke. Ukatichotsa palibe angakugule. Mayiwo anawonjezera mawu omwe sanandichoke m'mutu: "Ife bambo timayang'ana ndalama yomwe tingaigulitse mukapanda kubwera. Zoti inali ya bambo anu, wogula sazilipira." Zinandiwawa, koma sananame. Titakambirana anafika pa K40,000 yomwe ndimafunayo.

Ndinali nditavala Casio yanga ya kuntchito, F-91W, yakuda yapulasitiki ija aliyense amaidziwa. Ndinafunsa ngati ingawonjezere kanthu. Anakana kuilandira n'komwe. Anati yatsopano ndi yotsika mtengo kale, ndipo zabodza zake zadzaza mumsika moti wogula sakhulupirira kuti yapa pinyolo ndi yeniyeni.

Apa ndi pomwe ndikufuna kuimapo, chifukwa pa mawotchi awiriwa, yomwe anaikana ndi yomwe imasunga nthawi bwino. Casio imeneyi inatuluka mu 1989 ndipo mpaka lero akuipangabe osasintha maonekedwe. Ndi yopepuka, magalamu 21 okha, pamkono umaiwala kuti ilipo. Batire lake, CR2016, akuti limatha zaka pafupifupi 7, ndipo yanga ndasinthapo kamodzi kokha. Pamwezi wathunthu siphonya kupitirira theka la mphindi. Ili ndi alamu yomwe imandidzutsa 5 koloko. Utuchi, vanishi, thukuta, mvula ya ku Bangwe, zonse yapirira. Chofooka chake ndi lamba, yemwe amauma n'kuthyoka pafupi ndi kabowo komwe umamangira, ndiponso kagetsi kake kobiriwira kamawala mbali imodzi yokha moti usiku umachita kupendeka dzanja. Kusamba nayo m'manja palibe vuto, koma kusambira nayo m'nyanja ayi. Munthu wa ntchito zamanja akandifunsa wotchi yoti agule, ndimamuuza imeneyi, bola apeze yeniyeni. Njira yoyesera ndi yosavuta: dinani batani la kumanja osasiya kwa masekondi angapo, yeniyeni imalemba CASIo pagalasi. Zabodza zambiri sizitero, ngakhale zina zaphunzira.

Seiko ya bambo ndi nyama ina. Ilibe batire. M'kati muli kachitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wogamphuka, komwe kamazungulira dzanja likamayenda n'kumakunga sipuling'i. Ukaivula, pakadutsa tsiku limodzi ndi theka kapena awiri imaima. Mtundu wa 7009 sungaupotokole ndi zala kuti uyambe, umachita kuugwedeza basi. Imaphonya masekondi makumi awiri kapena atatu patsiku, kutanthauza kuti zomwe Casio imaphonya pamwezi, iyo imaphonya kuchokera m'mawa kufika m'mawa. Ndiye n'chifukwa chiyani anthu amaifunabe? Chifukwa imakonzeka. Chilichonse m'katimo ndi chitsulo chomwe munthu wodziwa angamasule, kutsuka, kuthira mafuta n'kubwezera. Seiko anayamba kupanga mtundu wa 5 mu 1963, ndipo nambalayo akuti ikuimira zinthu zisanu: kudzikunga yokha, kuonetsa tsiku ndi deti pakawindo kamodzi, kusalowa madzi msanga, kabatani kobisika pa 4 koloko komwe sikakola malaya kapena kubaya dzanja, ndi bokosi lolimba. Munthu wa kumgodi amafuna zimenezo ndendende. Lamlungu limalembedwa mofiira. Ndili mwana ndinkadikira kuti ndione SUN yofiirayo pamkono wa bambo tikamapita kutchalitchi.

Chodabwitsa n'choti kampani yomweyo ya Seiko ndi imene inabweretsa wotchi yoyamba yapamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz, Astron, pa 25 Disembala 1969, pamtengo wa 450,000 yen, ndalama yogulira galimoto yaing'ono nthawi imeneyo ku Japan. Kamwala ka mtundu womwewo, komwe m'mawotchi a masiku ano kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndi kamene kali mu Casio yanga komanso m'mawotchi a pa kaunjika. Chinthu chomwe chinali cha olemera chinatsika mpaka kufika pamkono wa kalipentala, ndipo n'chifukwa chake pa pinyolo sachiwerengera.

Tibwerere pakauntala. Chiwongola dzanja ndi 30 peresenti pamwezi. Pa K40,000 ndiye K12,000. Mayiwo ananena zimenezi momveka ndisanasaine, ndipo anandiuza kuti mwezi ukatha ndili ndi njira ziwiri: kubweza zonse n'kutenga katundu, kapena kulipira chiwongola dzanja chokha kuti ngongole idikire mwezi wina. Ukapanda kuoneka amakupatsa masiku asanu ndi awiri, kenako katundu amalowa m'kabokosi kagalasi kaja. Lisiti linali lolembedwa bwino, lokhala ndi nambala ya kumbuyo kwa wotchi, mtundu wake, ngakhale kachipsera ka pagalasi pafupi ndi 10 koloko. Wotchi anaiika m'kapepala kapulasitiki, n'kumata kapepala ka dzina langa ndikuona. Ndalama anandipatsa pamanja, ndinatuluka pasanathe theka la ola. Pa changu ndi pa dongosolo, palibe chomwe ndingawanene.

Chomwe sananene pakamwa ndi ndalama yosungira katundu, K2,000 pamwezi. Inali pa lisiti, pansi penipeni, m'malemba ang'onoang'ono. Safunsa anadya phula, ndikudziwa, ndipo ndinayenera kuwerenga mpaka pansi. Komabe munthu amene wakufotokozera za 30 peresenti ndi masiku asanu ndi awiri akanatha kutchulanso mzere umodzi umenewo. Ndinaidziwa tsiku lolipira, ndalama nditawerengeratu kunyumba, ndipo ndinachita kuchotsa pa ya minibasi n'kuyenda wapansi kukwera ku Bangwe.

Ndisanachoke tsiku loyamba lija kunalowa mnyamata wovala bwino, m'manja muli wotchi yagolide yolembedwa Rolex. Anati anagula kwa munthu ku Johannesburg ndipo amafuna K300,000. Mnyamata wa mawotchi sanaitsegule n'komwe. Anaiyika pachikhatho kuti amve kulemera kwake, n'kuyang'ana kamuvi ka masekondi, komwe kamadumpha kamodzi kamodzi, tiki, tiki, ngati wotchi ya batire. Anafotokoza kuti Rolex yamakina imagunda kasanu ndi katatu pa sekondi, moti kamuvi kamaoneka ngati kakutsetsereka. Anamuonetsanso kagalasi kotukuka pamwamba pa deti, komwe pa yeniyeni kamakulitsa nambala kawiri ndi theka mpaka kudzaza kawindo, pamene pa iyi nambala inali yaing'ono chomwecho. M'mbali mwa lamba golide anali atayamba kusupuka, pansi pakuoneka chitsulo chotuwa. Chikomekome cha mkuyu. Mnyamata uja anatuluka osatsanzika. Ndinamumvera chisoni, chifukwa nkhope yake inaonetsa kuti nayenso anapusitsidwa ndipo anali atadalira wotchiyo pa vuto lomwe anali nalo. Koma sitolo ndinailemekeza, chifukwa sanamuseke, ndipo malo omwe amakana zabodza polandira ndi omwe ungakhulupirire pogula.

Mwezi woyamba kasitomala wanga anali asanalipirebe. Ndinachedwa masiku anayi. Mayi aja anandiimbira foni tsiku lachiwiri: "Bambo, wotchi yanu ija musaiwale, masiku akutha." Sanali okakamizika kutero. Wotchiyo ikanawabweretsera ndalama zambiri m'kabokosi kuposa K40,000 yomwe anandipatsa, ndipo pali masitolo omwe amangodikira mwakachetechete kuti tsiku lidutse. Ndinakalipira K14,000 kuti idikire. Mwezi wachiwiri ndinapereka K54,000 n'kuiwombola. Mukawerengera, ndinabwereka K40,000 n'kubweza K68,000 m'miyezi iwiri. Chiwongola dzanja chotere ukachitambasula chaka chonse ndi 360 peresenti. Mwana analemba mayeso ake, ndipo sindikudandaula kuti ndinapitako. Koma aliyense amene akuganiza zopinyolitsa awerengere nambala zimenezi asanachoke kunyumba, ndipo akhale akudziwa tsiku lenileni lomwe ndalama yowombolera ibwere. Njira yolipira chiwongola dzanja chokha imaoneka ngati chifundo, koma ukaitsata miyezi inayi wapereka ndalama yoposa ngongole, ngongoleyo ili chiimire.

Dandaulo langa lalikulu linabwera nditafika kunyumba. Wotchi inali m'kapepala komweko, yopanda chipsera chatsopano, nambala yake yomweyo. Ndinaigwedeza, inayamba. Ndinaitchera ndi nthawi ya pa foni. M'mawa mwake inali patsogolo ndi mphindi zinayi. Tsiku lotsatira, zisanu ndi zitatu. Wotchi yomwe moyo wanga wonse imaphonya masekondi inali kuthamanga ngati yolumidwa ndi njuchi. Maganizo anandifikira oti mwina anasintha makina m'kati.

Ndinapita nayo kwa madala ena okonza mawotchi pafupi ndi msika wa Limbe, omwe amakhala pa katebulo kagalasi pansi pa ambulera. Anaitsegula kumbuyo ndi kachitsulo ka mano awiri, n'kundionetsa 7009 yolembedwa pamakina. Palibe chomwe chinasinthidwa. Kenako anatulutsa kampasi yaing'ono m'thumba, n'kuyandikizitsa wotchi. Muvi wa kampasi unatembenuka n'kuitsatira.

"Mwanawe, iyi yagona pafupi ndi maginito. Munaisunga pati?"

Ndinakumbukira shelefu ya kumbuyo kwa kauntala, pomwe timapepala ta mawotchi timaikidwa m'katoni pamwamba pa masipika akuluakulu a zoimbira. Madalawo anandipatsa kagalasi kawo kuti ndione ndekha. Pakati pa makina pali kawilo komwe kamapita uku ndi uku osapuma, ndipo pamtima pake pali kasipuling'i kopyapyala kuposa tsitsi, kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kakutseguka ndi kutsekeka ngati kakupuma. Anati kakagwira maginito, timizere take timamatirana, kamakhala ngati kafupika, ndipo kawilo kamayamba kugunda mofulumira. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Kachinthu kameneka kanagunda pamkono wa bambo ku Joni, m'sitima ndi m'basi pobwerera, m'munda ku Chiradzulu, ndipo ndinali ndisanakaonepo ndi maso. Madalawo anaika wotchi pa kabokosi kamagetsi kochotsera maginito komwe amalumikiza m'sitolo yoyandikana nayo, n'kuikweza pang'onopang'ono m'mwamba, kawiri. Kampasi inasiya kuitsatira. Anasinthanso kamphira kakumbuyo komwe kanali kataumiratu, n'kundichenjeza kuti mawu oti water resistant pa wotchi ya 1979 ndisawadalire, ndizivula posamba. Zonse K5,000.

Ndinabwerera kusitolo kukawauza. Mayi aja anamvetsera, anati samadziwa kuti sipika ingawononge wotchi, koma za K5,000 anakana, ati lisiti limanena za kutayika ndi kusweka basi. Mnyamata wa mawotchi, yemwe ndikukhulupirira kuti amadziwa bwino za maginito, anangoyang'ana pansi. Nditadutsako mwezi wotsatira ndinaona katoni ija itasamukira pashelefu ina, kutali ndi masipika. Ndalama yanga sinabwerere, koma ena apulumuka. Ngati mukukapinyolitsa wotchi yamakina kulikonse, funsani pomwe akaisunge, ndipo muone ndi maso anu.

Pa kugula, kabokosi kawo kagalasi n'koyenera kukaona. Mitengo ndi yotsikirapo kuposa m'masitolo a m'tauni ndipo amalola kunenerera. Ndinaonamo G-Shock imodzi yeniyeni, mtundu umene Casio anayambitsa mu 1983 pofuna wotchi yosasweka ikagwa, yolembedwa kuti silowa madzi mpaka mamita 200. Kwa womanga nyumba, wa kabaza kapena msodzi, imeneyo ndiyo yoposa zonse, ndipo mnyamata uja anati pa mawotchi a batire ndi yokhayo yomwe amailandira mosavuta chifukwa sichedwa kugulidwa. Munalinso Citizen Eco-Drive, yomwe imatenga mphamvu ku kuwala kudzera pankhope yake. Imeneyo ndi yabwino kwa munthu wa muofesi amene safuna za mabatire, koma yapa pinyolo muichenjerere: ikakhala mumdima miyezi yambiri imaima, ndipo kosungira mphamvu kake kakafa sikapezeka pa tebulo lililonse ngati batire wamba la 377. Pemphani kuti aiyike padzuwa, mubwerenso mawa mudzaione ngati ikuyenda. Panali ma Q&Q angapo, otsika mtengo koma osanama pa nthawi. Otsalawo anali aja onyezimira a mayina a zovala, akuluakulu ngati chivindikiro cha botolo, timawotchi titatu tating'ono pankhope tomwe sitiyenda n'komwe, tongomata. Amenewo musataye nawo ndalama. Akafa amafa, ndipo tsiku la vuto palibe pinyolo ingakupatseni ngakhale ya ufa.

Chitsimikizo pa zogula amapereka cha masiku atatu okha. Kwa wotchi ya batire akukwana. Kwa yamakina, itchereni ndi foni musanachoke pakauntala, muivale usiku ndi usana, muyerekeze m'mawa uliwonse, kuti ngati ikuthamanga kapena kuima muibweze masikuwo asanathe.

Kodi ndingapitenso? Ngati vuto ndi la sabata ziwiri kapena zitatu ndipo ndalama yowombolera ndikuiona ikubwera, inde, ndipo ndingasankhe sitolo yomweyi kusiyana ndi wa katapira, chifukwa cha lisiti lawo ndi foni ija anandiimbira. Koma ndidzanyamula wailesi kapena TV. Miyezi iwiri ija, nthawi iliyonse ndikadutsa ku Limbe ndimasuzumira m'kabokosi kagalasi mtima ukugunda, kuopa kuona nkhope yakuda ija ili ndi mtengo pambali, ndipo mayi anga kumudzi sindinawauze mpaka lero. Mchimwene wanga wamng'ono atamva anandikalipira, amvekere bwanji osandiuza ine, chikhala chinthu cha tonse. Tinagwirizana kuti wotchiyo isadzatulukenso m'banja popanda kufunsana.

Pano ndimaivala Loweruka madzulo kuti ikunge usiku, kuti Lamlungu m'mawa SUN yofiira ikhale itafika kale pakawindo. Madala aja anati makina ake akufunika kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, chifukwa a kale anauma, ndipo ntchitoyo ndi ya masiku atatu. Ndawauza kuti ndibwera nayo ndikamaliza zitseko zomwe ndikupanga za nyumba ina ku Namiyango.